Tsiku Limene Bulu Anakana Kuzima

Tandimasulireni aka, inu odziwa zinthu: kanthu kanga kodya mafuta a eni, kolavula mdima dzuwa likuswa mtengo, ukakalanda kiyi ndiye kamachita kukweza nyimbo. N'chiyani? Musakande mutu, mungathothole katsitsi kotsalako. Khalani pansi. Yankho lili m'njira, likubwera ndi utsi wake womwe.

Kuseri kwa nyumba ina, kumapeto kwa kamsewu ka fumbi, kunali shedi ya malata momwe mayi wina wamasiye ankachapira nsalu za hotela. Anthu ankangomutcha Mayi Mathovu, poti manja ake sankauma. Makina awiri ochapira ankagwedezeka pakona ngati akuvina, zingwe zinachoka pamtengo wa mapeyala kukafika kumpanda, ndipo mashiti a pabedi oyera mbee ankakupiza pamenepo kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Patebulo lositira pankaima mlamu wake, mkazi wa mlongo wake, mayi wamfupi wa lilime lotentha kuposa nsimbi imene ankagwira.

Koma mzati wa khomo limenelo sanali makina ayi. Inali galimoto, pikapu yoyera ya dizilo, yokhala ndi denga kumbuyo lotchinga katundu ku fumbi ndi mvula. Malemu mwamuna wa Mayi Mathovu ndiwo anaisiya, ndipo ankaitcha Bulu. Bulu sankathamanga, koma sanagonepo panjira. Mu injini yake munali tebo, kachipangizo kopindika ngati nkhono kamene kamakankhira mpweya m'kati kuti galimoto ikoke mwamphamvu pachitunda. Malemuwo akafika pakhomo sankazimitsa msanga. Ankakhala kaye phee, dzanja lili pachiwongolero, injini ikung'ung'udza pansipansi.

"Apume kaye mnzangayu, tebo izizire," ankatero. "Munthu wa thukuta sumuthira madzi ozizira."

Bamboyo atatsikira kuli chete, kiyi inasowa mwini, poti Mayi Mathovu sankadziwa kusiyanitsa buleki ndi kilatchi. Ndiye inagwera m'manja mwa mlongo wake, mzime wa m'mimba mwa amayi awo, mwamuna wa wosita uja. Iyeyu ankadzitcha Kavuluvulu. Dzinalo anadzipatsa yekha, mpaka analilembetsa pachipewa. Ndipo ndikuuzeni: munthu wodzipatsa yekha dzina akalowa m'nyumba, sendezani mbale zanu zadothi.

Ntchito yake inali yosavuta. M'mawa kunyamula nsalu zoyera kukasiya ku hotela, pobwera kutenga zakuda. Njira yake inkadutsa pamaloboti, kenako pamalo omwetsera mafuta pomwe madalaivala odikira maganyu ankasewera makadi pansi pa mtengo, kenako chitunda chachitali, hotela ili pamwamba pake. Pachitunda chimenecho ndi pomwe mtima wa Kavuluvulu unadwalira. Tsiku lina pikapu yofiira ya mkulu wina wonyamula njerwa inamupitirira ikulira ngati chilombo, n'kumusiyira mtambo wa utsi kumaso. A makadi aja anaseka mpaka makadi kugwa m'manja.

"Kavuluvulu wake uti ameneyu? Aka n'kamphepo kouzira phala la mwana!"

Madzulo ake anafika kushedi nkhope ili gwa.

"Achemwali, Bulu akufunika kumuwonjezera mphamvu."

"Wadwala?" anafunsa Mayi Mathovu, maso ali pa tawulo limene ankapinda.

"Sanadwale, koma akundichititsa manyazi. Pachitunda paja ngakhale a njinga akundipatsa moni."

"Abwezere moniwo, ndi ulemu umenewo."

"Inu simukudziwa. Masiku ano kuli akatswiri amalumikiza kompyuta ku injini, n'kuiuza kuti izimwa dizilo wambiri, tebo izipopa kwambiri. Mphamvu imangobwera yokha!"

"Ine mphamvu imene ndikufuna ndi yofikitsa mashiti ali oyera. Imeneyo Bulu ali nayo. Manyazi akowo uwaike m'thumba, uziyenda nawo. Galimotoyo usaigwire."

"Mwamva, bambo a mwana?" anatero mkazi wa Kavuluvulu, nsimbi ili m'mwamba. "Kapena ndikusiteni makutu atambasuke?"

Anamva. Makutu anali nawo awiri, limodzi lolowera lina lotulukira. Patangopita masiku ochepa ananena kuti akukasinthitsa oyilo, koma analunjika kugalaja ya mkulu wina wotchedwa Dotolo, wa ndolo khutu limodzi, yemwe ankagwira mainjini ndi laputopu m'malo mwa sipanala. Dotolo anatsegula boneti, nalowetsa chala mu tebo, nagwedeza kachitsulo ka m'kati.

"Achimwene, tebo yanuyi yakalamba, ikugwedera ngati dzino la nkhalamba. Tikaikakamiza iyamba kudontheza oyilo. Tisinthe kaye imeneyi."

"Ine ndabwera kudzatenga liwiro, osati ulaliki."

Dotolo anatukula mapewa. "Mbuzi ndi yanu, chingwe n'chanu." Anabaya waya pansi pa chiwongolero, nadinadina laputopu yake, ndipo Bulu anatuluka m'menemo akuimba mluzu: fyuuu!

Kulawa uchi n'chala chimodzi, mawa dzanja lonse lili mumphika. Sabata yotsatira Kavuluvulu anabwereranso kwa Dotolo kuti akachotsetse sefa yogwira mwaye mu ekizozi, poti ati inkatsamwitsa injini. Kenako anachotsetsa sayilensa, kuti anthu azimumva asanamuone. Agalu a m'deralo analeka kugona. Mayi Mathovu akafunsa za phokosolo, iye ankati oyilo watsopano ndiye watsegula kukhosi.

Ndiye linafika tsiku limene bodza linasowa pobisala. Bulu analowa pageti ali mbulanda. Denga la kumbuyo kulibe. M'malo mwake, kuseri kwa galasi la dalaivala, munali mutamera chipaipi chonyezimira, chonenepa ngati ntchafu, choloza kumwamba ngati chumuni cha fakitale. Kavuluvulu anaponda moto kamodzi kuti alonjere anthu, ndipo chiutsi chakuda bii chinakwera, chinapendekera kuzingwe, n'kutera pamashiti ngati madalitso.

Mayi Mathovu anatuluka m'shedi thovu likudontha m'zigongono.

"Denga lili kuti?"

"Limalemera, achemwali. Limagwira mphepo."

"Ndati denga lili kuti?"

"Ndasinthanitsa ndi paipiyi. Dotolo wandichitira chifundo kwambiri."

"Iwe! Iwe mwana iwe! Msana uno ndinakuberekerapo, unandinyowetsa kangati ine osadandaula, lero ndiye wandibweza chonchi? Alamu ako denga limenelo analimanga okha, zala zinatuluka matuza, kuti nsalu za eni zisaone fumbi. Iwe wakapereka kuti akupatse chitoliro cha mwaye? Pakhomo pa munthu wochapa? Bwanji sunangobwera ndi thumba la makala n'kulikhuthulira m'makinamu, tidziwe kuti watida?"

"Mukupsa mtima chabe. Panopa ulendo umene ndinkayenda kamodzi ndiziyenda kawiri."

"Kawiri kukatani? Hotela yaswa ana?"

"Asiyeni alamu," anatero wosita uja. "Amuna anga ubongo wawo anauika m'denga lomwe lija, wapita nawo Dotolo."

Mayi Mathovu akanamulanda kiyi mlongo wakeyo pomwepo. Koma kiyi m'manja mwa munthu wosayendetsa n'kachitsulo chabe, ndipo mawa lake nsalu zinayenera kupita. Komanso paja chibale ndi fupa, sichiola, ngakhale chikutsamwitse pakhosi. Kavuluvulu analumbira kuti denga libwerera sabata ikatha, ndipo mlongo wake anameza mkwiyo, nachotsa mashiti onse pazingwe n'kuyambiranso kuchapa.

Mwaye sudziwa kusunga chinsinsi. Pasanapite nthawi Mayi Mathovu anaitanidwa ku hotela. Mayi woyang'anira zipinda anamulandira atanyamula kansalu kovekera pilo ndi zala ziwiri, ngati wagwira khoswe wakufa.

"Mayi, mwayamba kuyanika nsalu zathu pang'anjo ya makala? Mlendo wina wadzuka tsaya lili lakuda. Ine ndimakulemekezani chifukwa cha zaka zonsezi, koma mverani. Loweruka kuli msonkhano waukulu, zipinda zonse zadzaza. Nsalu zikafika zothimbirira, kapena zikafika alendo atalowa kale, tisiyane bwino. Ochapa ena akugogoda pakhomo panga tsiku ndi tsiku."

Mayi Mathovu anatsika chitundacho wapansi, manyazi akumuyabwa thupi lonse. Zaka zonsezo palibe anamulozapo chala pa nkhani ya ukhondo. Atafika kunyumba anapeza mlamu wake akumudikira ndi nkhani ina.

"Alamu, amuna anga ayamba kumwa oyilo. Mabotolo opanda kanthu ali mbwee kunsi kwa bedi. M'mawa uliwonse akumathira mu injini mobisa, ngati munthu wodyetsa mwana wa kunjira."

Atamufunsa mwini wake, anangoseka. "Injini yamphamvu imadya bwino. Mukufuna ngwazi yosadya?"

Loweruka linafika. Mayi Mathovu anakulunga mtolo uliwonse m'pulasitiki, namanga ndi zingwe mpaka zala kuwawa. Kenako anavala nsapato zake zopitira kokayenda, natsegula chitseko cha kutsogolo n'kukhala pakati. Mlamu wake anakhala kuzenera.

"Lero tikwera tonse. Uyendetse ngati wanyamula mazira a eni."

Kavuluvulu analiza injini. Dzulo lake lomwelo anali ataima pansi pa mtengo wa makadi uja, phazi lili patayala, akudzigunda pachifuwa: "Galimoto iyi imamva mawu anga okha. Ndikati dzuka imadzuka, ndikati gona imagona. Mawa muuzeni wa njerwa uja abwere ndi mpango wopukutira misozi." Tsopano nayu akuyenda ngati maliro, amayi awiri ali pambali.

Anayenda bwino ndithu mpaka pamaloboti. Nyali inafiira, anaima. Ndipo satana, amene sasowa thiransipoti, anafika pambali pawo ali mu pikapu yofiira. Wa njerwa uja anatsitsa galasi, nayang'ana chipaipi chija, nayang'ana amayiwo.

"Akulu, lero mwanyamula oyang'anira? Pitani bwino, musawagwedeze."

Kutsogolo, pansi pa mtengo, a makadi anali ataimirira kale, akukupiza zipewa.

"Usayerekeze," anatero Mayi Mathovu.

"Ndingomuonetsa pang'ono."

"Ndati usayerekeze! Kumbuyoku kuli chakudya cha ana ako omwe!"

Nyali inabiriwira. Phazi la Kavuluvulu linatsika mpaka pansi.

Tinene zoona, Bulu anauluka. Mitu ya amayi inagunda kumbuyo, chikwama chinagwera kumapazi, mluzu wa tebo unaboola makutu, ndipo pikapu yofiira inatsalira ngati yamangidwa pachikhomo. Kavuluvulu anatulutsa mkono pazenera, mano onse ali pamtunda. Ufumu wake unatha msanga kuposa kuyetsemula. Mluzu uja unasanduka kukuwa. Anachotsa phazi pamoto, koma injini inapitiriza kukwera. Utsi unasiya kuda, unayamba kutuluka wotuwa, wochindikala, wonunkha mafuta opserera, mpaka msewu wonse kumbuyo unasowa. Anachotsa giya, naponda buleki, nakaima m'mbali mwa msewu moyang'anizana ndi mtengo wa makadi weniweniwo.

"Zimitsa!" anakuwa mlongo wake.

Anapotokola kiyi. Injini inakuwa. Anaizula kiyiyo, naiyang'ana ili m'dzanja lake, nayang'ana pobaya pake. Injini inakuwa kuposa kale, galimoto yonse ikunjenjemera ngati wodwala malungo.

Ndiko kanthu kanga kaja aka. Tebo yokalamba ija inali itaphulika m'kati, oyilo yense akukhuthukira komwe kumalowera mpweya. Injini ya dizilo sisankha chakudya. Kiyi imatseka dizilo, koma sitseka oyilo, ndiye Bulu anali akumwa magazi ake omwe, ndipo sakanaleka mpaka atatha.

Nanga mwini mawu uja, woti ndikati gona imagona? Chitseko chinatseguka, chipewa cha dzina chinagwera mu ngalande, ndipo anthu anangoona zidendene zikudutsa msewu, kudutsa mapampu, kukalowa pakhomo loyamba limene linapezeka kuseri kwa nyumba ya pamalopo. Mlongo wake ndi mkazi wake anawasiya m'galimoto momwemo. Liwiro limene ankalifuna lija analipeza tsiku limenelo, kungoti linali m'miyendo.

"Alamu, nsalu!" anakuwa Mayi Mathovu.

Analowa mu utsiwo awiriwiri, akutsokomola, misozi ili chuchuchu. Mayi Mathovu anakwera kumbuyo, nsapato zokayendera zomwezo, akugubuduza mitolo, mlamu wake akuwakha n'kukokera kutali. Chipaipi chija chinali chitatentha moti pulasitiki ya mtolo woyandikana nacho inasungunuka, ndipo madontho akuda a oyilo ankagwa ngati mvula yoyamba. Amayi awiri ogulitsa nthochi anasiya malichero awo n'kudzathandiza. Amuna a makadi ankathandiza ndi malangizo, ali patali.

Mtolo womaliza utangotsika, kunamveka phuu! ngati wina wamenya mgolo ndi nyundo. Chitsulo chinaboola m'mbali mwa injini, mafuta akuda anayenderera paphula, ndipo kunagwa bata loti ukanamva ntchentche ikutsokomola.

Mayi Mathovu anaima pambali pa Bulu, nkhope ili mwaye wokhawokha. Anaika dzanja pachitseko, pamalo pomwe utoto unafufutika ndi chigongono cha malemu. Sanalire. Anangoti pansipansi, "Pepani bambo. Mnzanu uja sitinamupumitse."

Utsi utayamba kupungula, ndi uyo Kavuluvulu akutulukira, akuyenda monyang'wa, kiyi ataikweza m'mwamba ngati chikho cha mpira.

"Mwaona? Ndati gona, wagona! Injini zamphamvuzi zimafuna uzizimitsire patali. Inu simungazidziwe zimenezi."

Mwina wina akanakhulupirira, pakanapanda mayi wokolopa amene anatuluka pambuyo pake, chokolopera chili m'manja.

"Bambo inu, taimani! Pachitseko cha chimbudzi paja pajambulidwa munthu wovala siketi, simunaone? Mwandigwetsera ndowa, mwadzitsekera m'kati, mukukuwa kuti mayo, mayo, ndafa ine. Akolope ndani m'menemuja?"

Maso onse anatsikira pa buluku la Kavuluvulu. Linali litanyowa mpaka m'mawondo.

"Ndi madzi a m'ndowa amenewa," anatero msangamsanga.

"Inde, tingoti ndi a m'ndowa," anatero mkazi wake. "Wochapa ndine, ndikadziwa konko."

Kuseka kumene kunabuka pamenepo! Wa njerwa anagwira tayala la galimoto yake kuti asagwe. Ogulitsa nthochi anakhala pansi. Wina anatola chipewa chija mu ngalande, nachipukuta bwinobwino, n'kumuveka mwaulemu ngati mfumu.

Mayi Mathovu yekha sanaseke. Anayang'ana dzuwa, nayang'ana chitunda. Pafupi pomwepo panali bambo wina wa ngolo yokankha, yonyamulira katundu wa kumsika. Anapita kukalankhula naye, nayala pulasitiki m'ngolomo, ndipo amayi aja anasanja mitolo.

"Ndikankhe, mayi?" anafunsa mwini ngolo.

"Ayi bambo, inu mungotibwereka. Injini tili nayo." Anatembenukira kwa mlongo wake. "Bweretsa kiyiyo. Gwira apa."

Anafika pamwamba basi yoyamba ya alendo ikukhota pageti. Mayi woyang'anira zipinda anamasula mitolo, nanunkhiza, natembenuza. Mashiti ndi matawulo anali oyera. Mtolo wa nsalu za pamatebulo, uja unagona pafupi ndi paipi, unali ngati chikopa cha kambuku. Anayang'ana nkhope ya mwaye ya Mayi Mathovu, napumira m'mwamba.

"Za m'zipinda muzichapabe. Za pamatebulo ndapatsa ena kuyambira lero."

Theka la ntchito linapita choncho, ndipo Bulu anabwerera kunyumba chokokedwa. Ali pansi pa mtengo wa mapeyala mpaka pano, nkhuku zikuikira pampando wa dalaivala. Dotolo atafunsidwa za denga lija anati linapita kalekale, ndipo paja mbuzi inali ya eni.

Koma nsalu zikupitabe ku hotela. M'mawa uliwonse ngolo yobwereka ija imatuluka pageti, mitolo ili mbee, Kavuluvulu ali kumbuyo, misempha ya m'khosi ili tolotolo. Ikafika pamtengo wa makadi, masewera amaima.

"Ponda moto, Kavuluvulu!"

"Ika giya yachiwiri, chitunda chayamba!"

"Utsi uli kuti lero, akulu? Mwabwezeretsa sefa?"

Tsiku loyamba Mayi Mathovu ndi mlamu wake anamuperekeza, kuopa kuti angapikisane ndi wilibala. Atafika pamwamba, munthu anagwera pa udzu, chifuwa chikulira fyuu, fyuu, lilime lili panja. Mayi Mathovu anatsegula pakamwa kuti amuuze atsitse mitolo, koma mlamu wake anamugwira mkono.

"Ayi alamu, musamuzimitse msanga. Apume kaye, tebo izizire."

Apo ndiye Mayi Mathovu anaseka, koyamba chifereni Bulu, mpaka alonda a pageti anatengera, ngakhale sankadziwa chimene akusekacho.

Ndiye inu amene phazi limakuyabwani mukaona mnzanu wakupitirirani, pitani mukamufunse Kavuluvulu, mumupeza pachitunda. Akapeza mpweya woyankhulira akuuzani yekha zimene akulu ananena kalekale: kuthamanga si kufika.